Pepala la pa Chitseko cha a Basala

Lolemba m'mawa, Misa itangotha,
tinalipeza litakhomedwa kale,
mapini atatu, ngodya yachinayi ikukupiza ndi mphepo ya Juni.
Tinaliyandikira monga tichitira posiwa,
aliyense kufuna kuona nkhope, aliyense kuopa.
Osamaliza fizi asaponde m'chipinda cha mayeso.
Dzina langa linali lachisanu ndi chiwiri,
pansi pa Gervaziyo Kamphambale
amene amaimba besi m'kwaya ndi nsapato zobwereka.

Koleji yathu ndi kadzanja:
makalasi anayi, tchalitchi, thanki yodontha,
mabulugama amene ansembe akale anasiya atadzala.
Ukayetsemula mu laibulale
ku hositelo ya anyamata amakufunsa za chimfine.
Nanga ngongole ungaifutsire pati?

Ndinaimba kwathu ndi mayunitsi omaliza.
Atate anali pamzere ku Chinkhoma, mawu odzaza fumbi:
mabelo atatu abwezedwa, mwanangu,
akuti apezamo kachingwe ka pulasitiki.
Kachingwe.
Foni inaduka ndisanafunse kutalika kwake.

Usiku magetsi anathima tikadali pa mutu wachinayi,
jenereta inakhosomola kawiri n'kugona, dizilo kulibe.
Anzanga anaunjikana pa tochi ya foni imodzi ngati ngumbi.
Ine ndinazembera m'tchalitchi,
ine mwana wa mpingo wina,
amene mpaka lero ndimasokoneza phewa loyambira
pochita chizindikiro cha mtanda.
Kutsogolo kuja kanyali kofiira sikazima,
kaya ESCOM ikwiye motani.
Ndinakhala pansi pake, simenti ikuluma m'mafupa,
n'kutsegula buku la akaunti.

Zolowa kumanzere, zotuluka kumanja,
amatero a Mbingwani, choko chili m'ndevu.
Koma funso la m'buku linali la kampani ya kunja
yogulitsa zinthu zimene sindinazionepo,
choncho ndinalemba munda wa atate:
feteleza matumba asanu, wangongole,
ziguduli, milimo ya chigafa, lole ya ku Chinkhoma,
aganyu osoka fodya mpaka zala kuda,
ndi ine, mzere wautali kuposa yonse.
Kumanzere kunangokhala mbee.

Makiyi analira kumbuyo kwanga.
Sisitala Venansiya, mwini pepala lija,
juzi yotuwa, kolona atakulunga padzanja.
Ndinadikira mawu onena za malo oyera.
Iwo anawerama, mawondo akulira ngati chitseko,
anayendetsa chala m'manambala anga, pang'onopang'ono,
n'kunditenga pensulo.
Apa waiwala kusunga imodzi, anatero.
Atakonza, ngongole ya atate inakula ndi sauzande khumi.
Anagwada, anapemphera zawo, anatuluka.
Sanatseke.

Lachinayi dzina langa linali pomwepo,
koma pambali pake, timalemba ta pensulo
tating'ono ngati nyerere zolondola shuga:
alembe, tidzaonana fodya akagulidwa.
Ndinayang'ana pamwamba, pa dzina la Gervaziyo.
Pepala loyera.
Ndinapukuta maso, ndinayang'ananso.

Belu la mayeso likulira
ndinamuona pa windo akutsikira kumsewu wa ku Santhe,
chikwama pamutu, ndowa m'manja,
nsapato zija atabweza kwa eni ake.
Desiki yake anaisiya pamzere, nambala ili pomwepo,
ndipo woyang'anira, posadziwa,
anaikapo pepala la mafunso.

Ndinalemba maola atatu osadzutsa mutu.
Funso lachiwiri mbali zonse zinafanana,
kumanzere ndi kumanja, mpaka tambala yomaliza,
ndinajambula mizere iwiri pansi pake monga anatiphunzitsira.
Madzulo ku kwaya tinayamba nyimbo ya Mariya,
titafika pamene besi imalowa yokha
tonse tinadikira.